A Aleke Banda Sadali Bilimankhwe

Pali kagulu ka anthu m'dziko muno kamene kakangomva dzina la malemu a Aleke Kadonaphani Banda kamapukusa mutu, nkumati munthu ameneyu adali bilimankhwe. Anthu ake amawerenga ndi zala: poyamba Malawi Congress Party, kenaka United Democratic Front, potsiriza People's Progressive Movement. Akafika pa chala chachitatu amayesa kuti mlandu watha. Olankhula zoterewa akupezeka pabwalo la bawo, m'maofesi a Boma, ngakhalenso pamisonkhano ya nthambi za Chipani, ndipo amalankhula molimba mtima podziwa kuti mwini dzina sangawayankhe.

Bodza limeneli liyenera kuyankhidwa. Malemuwo sakusowa wowaikira kumbuyo, pakuti ntchito zawo zilipo ndipo aliyense angathe kuziona. Amene ali pangozi ndi achinyamata a Chipani ndi antchito a Boma amene akumva mijedo imeneyi, chifukwa ikuwaphunzitsa kuti munthu wokhulupirika ndi uja amene amangokhala duu pamalo amodzi, kuwomba m'manja ndi kutseka pakamwa ngakhale denga likudontha.

Khalidwe la bilimankhwe aliyense amalidziwa. Amayang'ana nthambi imene wakhalapo, natenga mtundu wa nthambiyo kuti mphamba asamuone. Amasintha kuti apulumuke. Tsono njira yachilungamo yoyezera a Aleke Banda ndiyo kuyang'ana nthawi iliyonse imene dziko lidafika pamphambano, ndi kufunsa ngati iwo adatenga mtundu wa mbali yamphamvu pofuna kusunga khungu lawo.

Mphambano yoyamba idali m'chaka cha 1959. A Aleke adabadwira ku Livingstone, m'dziko limene lero ndi Zambia, m'chaka cha 1939. Kwawo kwenikweni kudali ku Tukombo m'boma la Nkhata Bay, koma monga ana ambiri a Atonga a nthawi imeneyo, adakulira kuchilendo kumene bambo wawo ankagwira ntchito, kufupi ndi Que Que ku Southern Rhodesia, kumene lero kumatchedwa Kwekwe. Ndale adaziyamba akali mwana wa sukulu. Boma la atsamunda la kumeneko litayamba kumanga atsogoleri a anthu akuda kumayambiriro kwa 1959, nawonso adamangidwa, kenaka adawapirikitsira ku Nyasaland. Adali mnyamata wa zaka 19.

Dziko limene adalipeza lidali la mantha. Pa 3 Malichi 1959 Bwanamkubwa Robert Armitage adalengeza kuti dziko lili pangozi, adaletsa chipani cha Nyasaland African Congress, natumiza Dr. H. Kamuzu Banda kundende ya Gwelo. Anthu oposa 1,000 adatsekeredwa. Padoko la Nkhata Bay, m'boma la kwawo kwa a Aleke, asilikali adawombera khamu la anthu tsiku lomwelo, ndipo ambiri adafera pomwepo. Munthu wofuna mtendere wa thupi lake m'chaka chimenecho ankadziwa chochita: kufuna ntchito ya ukalaliki, kuvula chipewa pamaso pa bwana Disii, ndi kuiwala dzina la Kongeresi. Alipo ophunzira amene adachitadi zimenezo.

A Aleke adapita kukagwirizana ndi a Orton Chirwa, loya amene adali atangotuluka kumene m'ndende, ndipo mu Seputembala 1959 adakhazikitsa Malawi Congress Party kuti moto usazime pamene atsogoleri adali otsekeredwa. A Orton adagwirizira mpando wa mtsogoleri, a Aleke nakhala mlembi, ndipo m'chaka chomwecho adayambitsa nyuzipepala ya Malawi News. Pamene Dr. Banda ankatuluka pa 1 Epulo 1960, adapeza chipani chili chiimire, cha nthambi ndi mamembala ake, chikungodikira mwini wake. Mu Ogasiti 1961 chipani chimenecho chidatenga mipando 22 mwa mipando 28 imene anthu ankapikisanirana. Nanga bilimankhwe wake ndi uti amene amasiya nthambi ya Bwanamkubwa ndi Roy Welensky, nakakhala panthambi imene ikuwomberedwa mfuti?

M'zaka zoyamba za ufulu katundu wawo adangowonjezekera. Adatsogolera bungwe la achinyamata a Chipani pamodzi ndi gulu la Apayoniya limene lidakhazikitsidwa mu 1963. Adakhala mkulu woyamba wa wailesi ya MBC. Adalowa m'gulu la nduna mu 1966 asanakwanitse zaka 30. Adakhalanso Mlembi Wamkulu wa Chipani. Kuyambira 1969 mpaka 1972 adali Nduna ya Zachuma, ndipo m'nthawi yawo, mu 1971, dziko lidasiya mapaundi, mashileni ndi makobiri nkuyamba kwacha ndi tambala. Wina angaganize kuti kusintha ndalama nkungosindikiza mapepala atsopano. Kalaliki aliyense wa nthawi imeneyo amene akali moyo angachitire umboni kuti padafunika kulembanso mabuku a malipiro, a misonkho ndi a mitengo ya mbewu pamisika, ndiponso kufotokozera mayi wa kumudzi kuti paundi imodzi ndi makwacha awiri, shileni ndi matambala 10, kuti wogula mtedza wake asamubere. Ntchito zotere sazitchula m'nyimbo za pamsonkhano, koma ndizo zimagwira dziko.

Pali mphambano imodzi imene mbiri singaibise, ndipo wofuna kulemekeza malemuwa moona sayenera kuilumpha. Mu Seputembala 1964, patangopita miyezi iwiri dziko litalandira ufulu, nduna zidasemphana maganizo ndi Dr. Banda, amene panthawiyo adali Nduna Yaikulu. Nkhani zake zidali zenizeni: tiki imene odwala ankalipira kuchipatala, malipiro a antchito a Boma, kuchedwa kopereka maudindo kwa Amalawi, ndi ubale ndi Apwitikizi a ku Mozambique. A Orton Chirwa, a Kanyama Chiume, a Augustine Bwanausi ndi Mayi Rose Chibambo adachotsedwa. A Masauko Chipembere, a Yatuta Chisiza ndi a Willie Chokani adatula pansi maudindo awo. A Aleke adaima ndi Dr. Banda. Nyuzipepala, wailesi ndi achinyamata, zida zimene zidakulira m'manja mwawo, zidagwiritsidwa ntchito potcha anthu amenewa zigawenga, ndipo a Orton, amene adayamba nawo Chipani, adathawa m'dziko. Mlandu suwola, ndipo uwu ndi mlandu ndithu.

Koma owanena aja sautchula mlandu umenewu, pakuti ukutsutsa nkhani yawo. Mu 1964 a Aleke sadasinthe mtundu. Adakhala pomwe adali chiyambire 1959, pambali pa Dr. Banda. Cholakwa chawo chidali kumvera kopitirira muyeso, kuganiza kuti kukhulupirika kwa mtsogoleri ndiko kutseka pakamwa aliyense womufunsa funso. Ndiko kukhulupirika komwe kuja kumene anthu amijedo akukutama lero. Pambuna imene idakumbidwa chaka chimenecho a Aleke adaponyapo khasu lawo, ndipo patapita zaka 9 idayamba kuwameza iwo omwe.

Mu 1973 nyuzipepala ina ya ku Zambia idalemba kuti a Aleke Banda ndiwo angadzalowe m'malo mwa Dr. Banda, amene mu 1971 adali atakhala Pulezidenti Wamuyaya. Mawu a m'nyuzipepala ya dziko lina adakwanira. Mutu ukakula sulewa nkhonya: munthu amene adalembapo mayina a mamembala oyamba a Chipani adachotsedwa pa unduna ndi m'Chipani momwe. Koma pasanapite nthawi yaitali adawaitananso, nawapatsa kuyendetsa Press Holdings, kampani ya Dr. Banda imene idali ndi minda ikuluikulu ya fodya, masitolo a PTC, ndi magawo m'mabanki ndi m'makampani ambiri a m'dziko muno. Apa anthu oganiza ayenera kuima pang'ono. Ngati munthuyu adali wosakhulupirika, adamupatsiranji nkhokwe yaikulu chotere? Adamupatsa chifukwa owomba m'manja adali ochuluka, koma wodziwa kuwerenga mabuku a ndalama ndi kugwira ntchito mpaka usiku adali wosowa.

Mphambano yaikulu pa moyo wawo idafika mu 1980. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 chuma cha dziko chidayamba kutsimphina. Mitengo ya mafuta idakwera, fodya sankagulidwanso bwino monga kale, nkhondo ya ku Mozambique idayamba kusokoneza njira ya kudoko la Beira, ndipo Press idali itamira m'ngongole za kumabanki ndi ku ADMARC. Olemba mbiri ya kampaniyi amanena kuti a Aleke adadandaula za m'mene ndalama zinkatulukira m'menemo. Bilimankhwe akadangosaina mapepala, nakwera galimoto lake kupita kunyumba. Iwo adachotsedwanso m'Chipani, natsekeredwa ku Mikuyu, kufupi ndi Zomba, popanda kuonekera m'khoti lililonse. Adalowa m'ndende ali ndi zaka 40, adatuluka mu 1992 ali ndi zaka 52. Zaka 12 zimene nduna imakhala itakhwima nzeru, dziko lidazitaya kuseri kwa chitseko chachitsulo.

Kodi kumangidwa kwawo kudabweza ngakhale tambala imodzi ya ngongole? Ayi. Mu 1983 Press idakonzedwanso mokakamizidwa ndi Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, ndipo Boma lidasenza ngongole zake, kutanthauza kuti wokhoma msonkho ndiye adazisenza. Choona chimene chidakanidwa kuchokera pakamwa pa mwana wa m'nyumba chidadzalandiridwa kuchokera kwa alendo, mtengo wake utakwera. Akuluakulu adati wakutsina khutu ndi mnansi. Chipani cha nthawi imeneyo chidatsekera mnansi, chidasunga osyasyalika.

Amene amaganiza kuti kunong'oneza za anzawo ndiyo njira yokwerera ayenera kuwerenga mndandanda wa zaka zimenezo. A Albert Muwalo, amene dzina lawo linkanjenjemeretsa anthu pamene adali pamwamba m'Chipani, adamangidwa mu 1976, naweruzidwa kuti anyongedwe mu 1977. A Gwanda Chakuamba, amene adatsogolerapo Apayoniya, adamangidwa mu 1980 napatsidwa zaka 22. Mu Meyi 1983 a Dick Matenje, Mlembi Wamkulu wa Chipani, adaphedwa ku Mwanza pamodzi ndi nduna zinzawo a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, ndiponso phungu a David Chiwanga. A Orton Chirwa adamwalira m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992. Mbuna sinkasankha womanga kapena womangidwa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Zotsatira zake zidaoneka poyera. Chipani chikamaliza kudya anthu ake olankhula, chimatsala ndi anthu amene amauza mtsogoleri kuti zonse zili bwino mpaka tsiku lowerenga mavoti. Pa 14 Juni 1993 anthu 63 mwa anthu 100 alionse ovota adasankha ndale za zipani zambiri, ndipo pa 17 Meyi 1994 chipani chimene chidasesa dziko mu 1961 chidachoka m'Boma. Amene adachigwetsa si amene adali ku Mikuyu. Adachigwetsa ndi aja amene adachisiya chopanda maso ndi makutu, nkumadzitcha okhulupirika.

Tsono akuti a Aleke adalakwa polowa UDF. Akadabwerera kuti? Chitseko cha Chipani chawo choyamba chidatsekedwa ndi eni ake kawiri konse, mu 1973 ndi mu 1980. Munthu amene wapirikitsidwa m'nyumba sanganenedwe kuti wathawa banja. Ndiponso UDF imene adalowa iwo atangotuluka m'ndende sidali chipani cholamula chogawa maudindo. Lidali gulu lolimbana ndi Boma limene lidali ndi ndende zake zonse zili chitsegukire, ndi Apayoniya amene adakhalabe ndi mfuti mpaka asilikali adawalanda zida mu Disembala 1993. Palibe munthu amene ankadziwa mphamvu ya gulu limenelo kuposa mtsogoleri wake wakale. Wina atakhala zaka 12 m'chitokosi akadapita kumudzi kukapha usipa mwakachetechete, ndipo palibe akadamudzudzula. A Aleke adabwerera pabwalo, ndipo mu Julayi 1993 adayambitsa nyuzipepala ya The Nation.

Mu 1994 adakhalanso Nduna ya Zachuma, patapita zaka 22 chichokere mu ofesi imeneyo. Adapeza kwacha ija adailandira ili khanda itafooka kwambiri. Mu 1995 mitengo ya zinthu idakwera ndi 83 pa 100 iliyonse. Pofika 1997 kukwerako kudali kutatsika kufika pafupifupi 9. Mankhwala ake adali owawa: maunduna ankaloledwa kugwiritsa ntchito ndalama zokhazo zimene Boma latolera, ndipo antchito a Boma ambiri adang'ung'udza ataona mafuta a galimoto ndi ndalama za ulendo zikuchepa. Munthu wofuna kukondedwa ndi aliyense sapereka mankhwala otere.

Atapita ku Unduna wa Zamalimidwe adatsogolera ntchito imene alimi amaikumbukira ndi dzina lakuti Starter Pack, imene idayamba mu 1998. Banja lililonse la mlimi wamng'ono linkalandira kathumba ka feteleza wokwana makilogalamu pafupifupi 15, mbewu ya chimanga chamakono makilogalamu awiri ndi mbewu ya mtundu wa nyemba, zokwanira kagawo kakang'ono ka munda. Mabanja oposa 2 miliyoni adalandira, ndipo mu 1999 ndi mu 2000 dziko lidakolola chimanga choposa matani 2 miliyoni chaka chilichonse. Ntchitoyi itachepetsedwa kuti izifikira mabanja owerengeka okha, ndipo nyengo itavutanso, njala ya mu 2002 idakumbutsa anthu phindu la kathumba kaja. Kufikitsa katundu kwa mabanja ochuluka chotere mvula isanagwe kudafuna alangizi, makalaliki, madalaivala ndi mafumu, ndiponso nduna yofunsa tsiku ndi tsiku kuti malole afika pati. Adatumikiranso monga Nduna ya Zaumoyo.

Mphambano yotsiriza idafika mu 2003. A Aleke adali wachiwiri kwa mtsogoleri wa UDF, chipani chimene chidali m'Boma. Zofuna kusintha malamulo kuti Pulezidenti Bakili Muluzi aimenso zitalephereka m'Nyumba ya Malamulo, a Muluzi adaloza Dr. Bingu wa Mutharika kuti ndiwo adzaimire chipanicho. A Aleke adachoka. Adasiya chipani cholamula, cha mbendera ndi magalimoto, nakatsogolera chipani chaching'ono cha PPM. Mu 2004 adaima monga wachiwiri kwa a Gwanda Chakuamba mu Mgwirizano Coalition, ndipo sadapambane. Anthu a kwawo adawasankha kukhala phungu wa Nkhata Bay South, nakakhala kumbali yotsutsa m'Nyumba ya Malamulo.

Owanena amati adachoka chifukwa adalumphidwa pa mpando umene ankaufuna. Zikhale choncho. Kodi munthu amene watumikira dziko kuyambira 1959 walakwa chiyani akafuna kuti mamembala a chipani ayese dzina lake pamsonkhano waukulu? Mu 1973 adalangidwa chifukwa chongotchulidwa kuti angadzatsogolere. Mu 2003 akunenedwa chifukwa chokana kuti mtsogoleri azisankhidwa ndi chala cha munthu mmodzi. Anthu amene amaona kufuna udindo poyera ngati tchimo ndi omwe aja amaufuna mumdima, pogwiritsa ntchito makalata opanda dzina. A Aleke adamwalira pa 9 Epulo 2010 ku South Africa atadwala khansa. Pa mphambano zinayi, 1959, 1980, 1992 ndi 2003, adasiya mthunzi nakaima padzuwa. Bilimankhwe sachita zimenezo ngakhale kamodzi.

Abilimankhwe enieni alipo, ndipo sasowa kusintha khadi la chipani kuti asinthe mtundu. Ndi mkulu wa mu unduna amene amaona kuti mawerengero ndi olakwika, koma amasaina chifukwa nduna yamwetulira. Ndi wapampando wa nthambi amene amati akaona mnzake akukopa anthu ambiri kumsonkhano, amathamangira kwa akuluakulu kukanena kuti uyu ali ndi mtima wofuna mpando. Ndi mlangizi amene amalemba kuti mbewu zidafika kwa alimi pamene zili m'nyumba yosungiramo katundu kuboma. Ndi uja amene adavina pamaso pa mtsogoleri aliyense chiyambire, nkumanyoza aliyense wa iwo tsiku lotsatira kuchoka kwake. Anthu otere sagona ku Mikuyu, pakuti sanenapo kanthu koti nkumangidwira. Amafika popuma ntchito ali onenepa, koma m'mbuyo mwawo mumatsala chipani chogontha ndi nkhokwe yopanda kanthu.

Atsogoleri a nthambi, a madera ndi a maboma ayenera kuphunzira pa mbiri imeneyi kusiyanitsa wodzudzula ndi mdani. Munthu akabwera ndi nkhani ya mnzake, afunsidwe kuti ainene mwini wake ali pomwepo, pakuti kandimverere adakanena za m'maluwa. Wantchito wa Boma akalemba kuti ndalama sizikukwana kapena kuti ntchito yakuti yaima, kalata yake iwerengedwe, asamusamutsire kudera lakutali ngati chilango. Achinyamata a Chipani akumbukire kuti amene adawatsogolera poyamba adamezedwa ndi mbuna imene adathandiza kukumba, ndipo asalole kutumidwa kukaopseza munthu chifukwa cha funso limene wafunsa. Nawonso akuluakulu adziwe kuti luso la wamng'ono si mpeni wolozedwa pakhosi pawo. Ndi khasu limene likulima munda wawo womwe.

Ndipo tsiku lina pamsonkhano, kapena pabawo, wina akadzanenanso kuti a Aleke Banda adali bilimankhwe, omumverawo asadzakwiye. Adzangomupempha kuti atchule chaka chimodzi chimene iye adauza bwana wake choona chosakoma, ndi chimene adataya chifukwa cha choonacho. Akadzatchula, adzapatsidwe mpata wopitiriza nkhani yake.